Phiri Lopanda Pokhala

Mwana wanga wachisamba amakhala ku Ireland. Anapita kukaphunzira, kenako anapeza ntchito yosamalira okalamba, n'kukwatiwa ndi mzungu wa komweko. Mayi ake atayamba kudwala kuno ku Utale, ine ndi amene ndinati tisamuuze kaye, tingamusokoneze, tidikire achire. Foni imene ndinadzamuimbira inali ya maliro. Kuyambira pamenepo sanapondenso kwathu. Izi aliyense m'mudzi muno amazidziwa, ndipo palibe amazitchula.

Chaka chatha, anthu akukolola, anandiimbira. Anati tchuthi ali nacho chochepa, ndipo ulendo ungatheke ndi umodzi wokha, wa iye kapena wa ine.

"Kumudziko kuli chinthu chofuna ine, ababa? Ngati kulibe, bwerani inuyo, adzakuoneninso maso aja."

Chinthu chinalipo. Alamu anga, achimwene a malemu mkazi wanga, omwe ndi eni mbumba, anali atayamba kale kunena zomanga chiliza mvula isanagwe. Ndinamuuza mwanayo kuti ndimuyankha mawa, n'kupita kwa alamuwo. Anayala mphasa, tinakhala pansi, tinalonjerana mpaka kumaliza.

"Alamu," anatero iwo, "chiliza cha mlongo wanga sitingamange mwana wake wamkulu kulibe. Sanaponye dothi, manda sanawaone. Koma nkhani ya kumanda si yapafoni. Pitani, mukamukhazike pansi, mukamuuze pamaso kuti abwere."

Nanenso ndinkaganiza chimodzimodzi. Ndiye mawa lake ndinamuyankha mwana uja kuti kulibe, zonse tidzakamba ndikafika.

Ine sukulu ndinalowa ndevu zitamera, ya kwacha, ndipo mpaka lero ndimalemba ngati ndikusema mpini. Koma kakambidwe ka nkhani ndinakadziwa ndisanadziwe chilembo n'chimodzi chomwe. Nkhani yaikulu sainena munthu ali chiimire. Sainena pakhomo, kapena wina akumanga zingwe za nsapato. Wamkulu amakhala, mwana amakhala chapansi pake, mumafunsana za odwala ndi za mbuzi, ndiyeno mumati, chimene ndadzera ndi ichi. Komanso za mbumba ya eni sakamba mkamwini ali pomwepo. Ineyo ndine mkamwini pa Utale, ndinachokera ku Machinga, ndipo ndimadziwa nthawi yonyamuka pamphasa n'kukayendera khola.

Sabata yoyamba ku Ireland mwana wanga anali pa tchuthi. Anandiyendetsa kwa dokotala wa maso, m'masitolo, kutchalitchi, kwa makolo a mwamuna wake. Mlendo sanena chomwe wadzera akangofika, ndiye ndinangokhala chete. Sabata yachiwiri anabwerera kuntchito. Ankadya chiimire. Ankandipatsa moni chikwama chili paphewa. Madzulo akakhala pampando, mwamuna wake ankakhalanso pomwepo, akumwetulira, kapena iye ankagona pampandopo yunifolomu asanavule.

Kawiri konse anandiona ndikumuyang'ana.

"Ababa, ngati pali nkhani nenani, ndikumva," anatero, mutu uli mufiliji.

"Iyayi, mayi, si zachangu."

Masiku anatha choncho. Atatsala atatu kuti ndikwere ndege, anandiuza kuti mawa sapita kuntchito, ndipo mwamuna wake akufuna atitengere kuphiri.

"Kuphiriko kuli chiyani?"

"Kulibe kanthu, ababa."

"Nanga tikukatenga chiyani?"

"Tikukangoyenda. Iwowa ndi zomwe amakonda."

Ine ndinabadwira m'munsi mwa Chikala. Ndakwera phiri limenelo kukadula nsungwi, kukafuna mapaso, kukafula njuchi, nthawi zina kukasaka mbuzi yosochera. Munthu wotsika phiri chimanjamanja tinkamufunsa ngati wadwala. Koma ndinaganiza msanga. Paphiri pamakhala mwala. Anthu amatopa, amakhala pansi. Mkamwini, poti ndi wokonda kuyendayenda, adzapita pambali kukaona zake. Ndinavomera.

M'mamawa mkamwiniyo anandibweretsera jombo zake zina, zazingwe zambiri. Chichewa chake chonse ndi mawu awiri, apongozi ndi zikomo, ndipo anawagwiritsa ntchito onse awiri pondipatsa jombozo. Ndinakana. Zaka zonse zomwe ndinakhala ndi apongozi anga, sindinawaonepo atalowetsa phazi mu nsapato yanga, ngakhale ankayenda ndi ming'alu kuchidendene.

"Ababa, kumeneko ndi kudambo," anatero mwana wanga.

"Dzulo unati kuphiri."

"Ndi phiri la dambo."

"Madzi amatsika, mwanawe. Sakwera."

Ndinavala nsapato zanga zakuda zomwe ndinagula pa kaunjika ku Balaka chifukwa cha ulendo womwewu, nditazipaka polishi. Jekete ndinalandira chifukwa anandiuza kuti anagulira ine.

Tinayenda pagalimoto mpaka msewu unachepa, nyumba zinatha, kunangotsala nkhosa zopakidwa utoto pamsana. Tinaima pa geti ina yawaya. Phirilo linali patsogolo pathu, lofiirira, lopanda mtengo ngakhale umodzi, ngati msana wa ng'ombe yonyowa. Njira sindinaione. Ndinafunsa, ndipo anandiuza kuti palibe, n'chifukwa chake mkamwini amalikonda, anthu sabwerako.

Tisanafike patali madzi anali atalowa kale mu nsapato. Nthaka yonse inali ngati chiguduli choviika. Ukaponda inkamira pang'ono n'kutulutsa madzi a mtundu wa tiyi wopanda mkaka, ukanyamula phazi inkakoka, osafuna kukusiya. Mkamwini anali patsogolo, akudumpha kuchoka pa chiputu cha udzu kupita pa china, ndodo ziwiri m'manja. Mwana wanga pakati, ndi ndodo yake imodzi. Ine m'mbuyo.

"Muziponda pomwe ndaponda ine, ababa."

"Unayamba kuyenda utagwira chala changa, lero ndiziponda mapazi ako?"

"Basi pondani pomwe mukufuna."

Ndinaponda pomwe ndinkafuna, ndipo kangapo ndinalowa mpaka m'akakolo. Sindinadandaule. Maso anga anali pa chinthu chimodzi, mwala wouma woti anthu awiri n'kukhalapo. Ku Chikala miyala yotere ili paliponse, yofunda dzuwa, ina ili ndi maenje a bawo omwe anasema abusa. Kuno ndinkangoona udzu wonyowa, tizitsamba tolimba tokola miyendo, ndi zithaphwi.

Tinafika pamene ndinkayesa pamwamba. Kuseri kwake kunali mtunda wina. Titakwera umenewo, kunali winanso. Ndinaleka kufunsa. Chiperoni chinayamba, chopyapyala, chosagwa kuchokera kumwamba koma chobwera cham'mbali, n'kumalowa m'khutu.

Chapakati pa phiri tinapeza maenje aatali a dothi lakuda bii, m'mbali mwake mowongoka. Tinkatsikamo n'kukwera tsidya linalo chokwawa. Mkamwini anafotokoza zinazake mosangalala, ndipo mwana wanga anamasulira kuti dothi limeneli kale anthu ankalidula, kuliumitsa, n'kumasonkhera moto. Ine ndinangoona ngati manda omwe adzukulu akumba n'kuwasiya. Ndinakumbukira mawu a alamu. Ndinaganizanso za amayi a kwathu omwe amafukula mchenga wa mtsinje wouma kuti apeze madzi a chikho chimodzi, pamene kuno madzi anawaunjika pamwamba pa phiri pomwe palibe wolima. Ndinakwiya, koma sindinadziwe wokwiyira.

"Tipume," ndinatero.

Anaima. Anatulutsa fulasiki, anathira tiyi, tinamwa chiimire ngati anthu a padepoti.

"Ndimati tikhale pansi."

"Pati, ababa?"

Ndinayang'ana uku ndi uku. Panalibedi.

"Mwakhala mukundizungulira chifikireni," anatero iye motsitsa mawu. "Nenani tikuyenda. Awa samva Chichewa."

"Kusamva si kusakhalapo."

Anapukusa mutu, anavala chipewa cha jekete, n'kutembenuka. Ndinatsatira msana wake. Ndinayesadi, kamodzi, kutsegula pakamwa. Koma kutchula manda a mkazi wanga kwa munthu amene wandifulatira, uku ndikukoka phazi m'matope, kunandikanika.

Pamwamba penipeni panali mulu wa miyala. Ndinati pokhala papezeka. Koma mphepo ya pamenepo inali yoti munthu akalankhula mawu amapita kwina. Nkhungu inali itakuta ponseponse. Mkamwini anandigwira chanza mwamphamvu, anatijambula, n'kuloza mu nkhungumo.

"Akuti kukanakhala kowala mukanaona nyanja ndi zilumba," anakuwa mwana wanga.

"Uwathokoze. Uwauze kuti ndaona."

Ndinapeza mwala kuseri kwa muluwo, wonyowa, wosongoka, n'kukhalapo. Ndinamukodola mwana wanga. Ananyonyomala pambali panga. Ndinayamba monga mwa dongosolo lake. Ndinati kumudzi onse ali bwino. Ndinati azakhali ake mwendo uja ukuwavutabe. Ndisanafike pa amalume ake, mkamwini anabwera ndi sangweji, anadzipanikiza pakati pathu kuti atitchinge mphepo, n'kunena kuti zikomo, apongozi. Munthu wabwino ndithu. Ndinadya sangwejiyo ndikumva ngati ndikutafuna thonje. Asanamalize yake anayang'ana nkhungu ija n'kunena kuti titsike isanakule.

Potsika ndi pamene ndinadziwa kuti tsiku lapita. Mawa anali wolowa m'mamawa kuntchito, mkuja ndege. Ndikanakauza chiyani alamu anga? Kuti ndinawoloka nyanja, ndinadya, ndinagona, ananditsuka maso, koma pokhala sindinapapeze?

Nkhungu inakuladi. Pena pake mkamwini anaima, anayang'ana foni yake, anayang'ana kumanzere, kumanja. Anatiuza kuti tiime pomwepo, tisasunthe, akaone kaye kotsikira. Anayenda pang'ono n'kuzimiririka.

Tinatsala awiri, koyamba chifikire changa popanda filiji, popanda chikwama paphewa.

Ndipo chapambali pathu ndinaona malo. Anali athyathyathya, obiriwira mowala, osalala, opanda ziputu, ngati kapinga wa pabwalo la parishi ku Balaka atangomutchetcha. Kwathu udzu waufupi wobiriwira chotero umamera pa nthaka yogwirana, pomwe mbuzi zimagona masana. Tsiku lonse ndinali ndisanaone malo aulemu ngati amenewo. Ndinavula jekete kuti ndikayale.

"Tiye tikakhale apo," ndinatero, ndili kale paulendo.

"Ababa, iyayi!"

Phazi loyamba linalowa mpaka m'bondo. Ndinaponya lachiwiri kuti ndidzikoke, nalonso linapita. Sanali kapinga. Zinali ndere zoyandama pamwamba pa thope. Kuzizira kwake kunandiluma m'mafupa. Ndinaphiriphitha, ndipo kuphiriphithako kunandititimiza mpaka m'chiuno. Pansi sindinkapamva.

"Musagwedezeke. Tambasulani manja. Musagwedezeke, ndati."

Anabwera chokwawa mpaka pa chiputu chomalizira, anagwada, madzi akumufika m'ntchafu, n'kunditambasulira ndodo yake. Anaitana mwamuna wake kawiri. Kenako anandiyang'ana, ine mdala wa tayi m'khosi nditazikika m'dambo ngati mzati wa khola, ndipo pakamwa pake panayamba kunjenjemera.

"Mumafuna pokhala, ababa. Mwapapeza."

"Usaseke."

"Sindikuseka. Gwirani ndodo."

Ndinagwira, koma sindinakoke. Ndinaona kuti wagwada. Chifikire changa ndinali ndisanamuone atagwada. Mkamwini kunalibe. Ine sindinali chiimire kwenikweni, ngakhale sindinganene kuti ndinali nditakhala.

"Ndili ndi mawu a amalume ako."

"Pano?"

"Wagwada kale."

Ndinanena mopanda moni, mopanda za azakhali, mano akugundana. Ndinati amalume ako akufuna kumanga chiliza cha mayi ako mvula isanagwe. Akuti sangamange iwe kulibe. Akuti ubwere. Nkhani imene ndinainyamula masabata onse aja inatha msanga kuposa kumwa madzi.

Ndodo inali pakati pathu, aliyense atagwira mbali yake.

"Munadziwa liti?"

"Anthu akukolola."

"Ndisanagule tikiti."

"Eya."

"Ndinakufunsani pafoni, ababa. Ndinati kuli chinthu chofuna ine? Munati kulibe."

"Si nkhani yapafoni."

"Tchuthi changa chatha lero. Tsiku lomaliza ndi lino, ndalithera paphiri pano. China ndi chaka chamawa." Anapukuta kumaso ndi mkono, kaya anali madzi a chiperoni kaya chiyani. "Mukanangonena, bwenzi pano ndili ku Utale, ndikutunga madzi a simenti. Nkhani za kwathu nthawi zonse zimandipeza zitapola."

Ndinadziwa chimene ankanena. Ndinayang'ana ndere zija. Pamenepo ndinali nditayamba kusamva miyendo.

Mkamwini anatulukira mu nkhungu akuthamanga. Anagona chafufumimba pa ziputu, anandigwira m'khwapa, kenako lamba wa thalauza, n'kundikoka monga timakokera mbuzi yogwera m'chitsime. Thope linandisiya monyinyirika. Ndinatuluka ndi nsapato imodzi. Inzake ili komweko mpaka lero, ndi polishi wake.

Anatsegula chikwama chake n'kutulutsa masokosi ouma ndi jombo zija ndinazikana m'mamawa. Anali atazinyamula tsiku lonse. Mwana wanga ndiye anamuuza kuti azitenge. Mkamwiniyo anagwada n'kundimanga zingwe yekha, ine nditatsamira phewa la mwana wanga, ndikuyang'ana kumbali. Zinandikwana bwinobwino, ndipo zimenezo zinandipsetsanso mtima.

Tinayamba kutsika, mwana wanga ali patsogolo panga. Ndinkaponda pomwe waponda iye.

M'galimoto anandifunditsa bulangete la galu wawo, n'kutsegula mpweya wotentha. Tinadutsa nkhosa zija, nyumba zinayambanso. Ndinkayesa mwana wanga wagona, koma analankhula osatembenuka.

"Anawaika mbali iti?"

"Kumadzulo, pafupi ndi agogo ako aakazi. Pali mtengo wa mthethe."

"Mumapitako?"

"Tikamalambula."

Patapita kanthawi anati, "Muwauze amalume adikire. Mvula ikatha chaka chamawa ndiyesa. Sindikulonjeza, ababa. Ndati ndiyesa."

Mwamuna wake ankayendetsa galimoto ali pomwepo, ndipo tinakamba zonsezo wina kutsogolo wina kumbuyo, osaonana nkhope.

Nditafika ku Utale alamu anayala mphasa. Tinalonjerana mpaka kumaliza. Ndinawafotokozera yankho la mwana, za phiri sindinatchule.

"Alamu," anatero, "ulendo wonse uja, ndege ziwiri, mwabwera ndi 'ndiyesa'?"

"Ndi zomwe anandipatsa."

"Nanga simenti ndagula kaleyi? Ikafika chaka chamawa idzakhala mwala."

"Tiikweze pa matabwa."

"Munamukhazika pansi koma?"

Ndinati anagwada. Anagwedeza mutu, okhutira ndi mbali imeneyo.

Mvula inabwera, yochepa monga mwa masiku ano, koma yokwanira kugumula mtumbira mbali imodzi. Tinapempha kwa eni manda n'kukaunjikanso dothi. Simenti thumba limodzi linauma ndithu, ngakhale tinaikweza.

Pakhomo panga netiweki imagwira malo amodzi okha, pamwamba pa chulu kuseri kwa khola. Pachulupo pali linthumbu, munthu sangakhale pansi. Ndimakwerapo ndi ndodo, ndimaima, ndimamuimbira. Za mtumbira ndinamuuza tsiku lomwelo. Za simenti ndinamuuza. Alamu atayamba kutsokomola ndinamuuza asanapite n'kuchipatala komwe, mpaka iwo anandikalipira kuti ndikulengeza chifuwa chawo ku Ulaya. Iye amamvetsera, nthawi zina ndimamva kuti akutsegula filiji.

Chimanga cha chaka chino tayamba kukolola. Mwezi wobwerera sanautchulebe. Dzulo ndinakwera pachulu kuti ndimufunse mwachindunji, koma foni inangoitana, ayenera kuti anali pa shifiti. Ndinaima pamenepo mpaka linthumbu linandipeza, ndiyeno ndinatsika.